Kampani ikapereka malo omangapo sukulu kwa Malemia, msonkho umayenda bwanji?

Nkhani yosowa malo okwera omangapo sukulu yakula m'dera la Mfumu Yayikulu Malemia m'boma la Nsanje kutsatira madzi osefukira a mu Januwale 2015 komanso anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Pa ngozi zonsezi, sukulu zambiri za m'chigwa cha Shire zinaonongeka pomwe zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, zomwe zinaimitsa maphunziro.

Kaamba ka ichi, akuluakulu a kukhonsolo ndi a zamaphunziro ayenera kudziwa zomwe malamulo amanena pamene kampani yadzipereka kuthandiza ndi malo kapena ndalama zomangira sukulu, chifukwa lonjezo la kuchotseredwa msonkho likaperekedwa mosatsata lamulo limadzetsa mikangano ndipo chitukuko chimaima.

Msonkho wa makampani umayendetsedwa ndi lamulo la Taxation Act ndipo umatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA, lomwe linayamba ntchito m'chaka cha 2000. Mlingo wokhazikika wa msonkhowu ndi K30 pa K100 iliyonse ya phindu kwa kampani yolembetsedwa m'dziko muno, ndi K35 kwa nthambi ya kampani yakunja.

Powerengera phindulo, kampani imaloledwa kuchotsa ndalama zokhazo zomwe yagwiritsa ntchito poyendetsa bizinesi yake. Malo ali m'gulu la chuma chokhazikika, choncho mtengo wake sulowa m'gulu limodzi ndi malipiro a antchito kapena mafuta a galimoto. Malo sawerengedwanso kuti akutha mphamvu chaka ndi chaka monga momwe amachitira makina. Izi zikutanthauza kuti kungopereka malo sikupatsa kampani ufulu wochotsa mtengo wa malowo pa phindu lake.

Komabe lamuloli lili ndi njira ziwiri zolimbikitsira mtima wopereka. Yoyamba ndi ya mphatso zopita ku mabungwe achifundo ndi ena osapanga phindu omwe Nduna ya Zachuma inawavomereza. Bungwe lomwe silinavomerezedwe, ngakhale likhale ndi sukulu yabwino chotani, silingathandize kampani kuchepetsa msonkho.

Njira yachiwiri ndi yoti kampani imachotsa pa phindu lake theka la ndalama zomwe yaika mwachindunji pa ntchito yomanga sukulu kapena chipatala cha boma. Mwachitsanzo, kampani yomwe yawononga K40 miliyoni pomanga zipinda zophunziriramo ingachotse K20 miliyoni pa phindu, ndipo pa mlingo wa K30 pa K100 msonkho wake ungatsike ndi K6 miliyoni. K34 miliyoni yotsalayo imachoka m'thumba mwa kampaniyo.

Mfundo ina yofunika ndi ya umwini. Malo ambiri kwa Malemia ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Lamulo la Customary Land Act la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, linapereka udindo wogawa malo otere ku makomiti a zamalo otsogozedwa ndi magulupu. Mudzi ukapereka malo omangapo sukulu, mphatsoyo ndi ya anthu a m'mudzimo, ndipo kampani yomwe yabwera kudzamanga singawerengere malowo ngati chopereka chake.

Zinthu zimasiyana pa malo a lizi, monga minda ikuluikulu ya nzimbe ya ku Nchalo m'boma la Chikwawa. Kampani yofuna kudula chigawo cha malo ake otere iyenera kudzera ku Unduna wa Zamalo kuti chigawocho chiyezedwe ndi kusinthidwa umwini. Lamulo limafunanso chikalata cha MRA chotsimikiza kuti mwini malo alibe ngongole ya msonkho malowo asanasamutsidwe. Kuonjezera apo, phindu lobwera chifukwa cha kukwera mtengo kwa katundu wokhazikika limakhudzidwa ndi msonkho, choncho mtengo weniweni wa malowo uyenera kudziwika kudzera mwa katswiri wovomerezeka.

Ogwira ntchito m'boma akalandira pempho lotere ayenera kuona kaye mtundu wa malowo ndi zikalata za umwini, kudziwa amene adzalandire mphatsoyo, ndi kusunga malisiti onse a ntchito yomanga. Udindo wogamula za msonkho ndi wa MRA, osati wa khonsolo, mfumu kapena mphunzitsi wamkulu.

Malo a sukulu akapanda kulembetsedwa moyenera, pakapita zaka ena amatha kuyamba kulimapo kapena kumangapo nyumba ponena kuti ndi a makolo awo. Ku Nsanje, komwe malo osafikako madzi ndi ochepa, sukulu yotaya malo ake imabwerera kudambo komwe inathawa.