KODI MUNTHU WA ZAKA 25 NDI NKHALAMBA?

Pali mau amene akumveka kawirikawiri masiku ano m'midzi ya m'malire muno, kuyambira ku Angónia ndi Tsangano mpaka ku Macanga ndi Chifunde. Mau ake ndi akuti "ine ndakalamba". Chodabwitsa nchakuti onena mauwa si agogo a imvi ai, koma anyamata ndi atsikana a zaka 24, 26 kapena 28. Ukawauza zobwerera ku sukulu kapena zophunzira ntchito ya manja, amayankha kuti nthawi yao idapita kale. Tsono tifunsane, abale: unyamata umatha liti?

Boma lili ndi yankho lake. Ndondomeko ya achinyamata ya dziko lathu la Moçambique imati wachinyamata ndi munthu wa zaka 15 mpaka 35, ndipo ndi momwenso likunenera pangano la achinyamata limene maiko a mu Africa adagwirizana ku Banjul m'chaka cha 2006. Malamulo aakulu a dziko lino salola munthu wosakwana zaka 35 kuima pa chisankho cha Pulezidenti. Mwa kuwerenga kumeneku, wa zaka 25 akadali ndi zaka khumi zathunthu za unyamata.

Koma kumudzi sitiwerenga choncho. Makolo sankafunsa chaka chobadwa. Mtsikana akavinidwa chinamwali, mnyamata akalowa gule ku dambwe, ankati achoka ku ubwana. Akatuluka m'gowelo, namanga nyumba ndi nkhokwe yakeyake, ankati wakula. Akabereka mwana dzina lake linkabisika, nayamba kutchedwa bambo a uje kapena mai a uje. Ukulu unkaoneka ndi nkhokwe, ndi ana, ndiponso ndi kuitanidwa pa milandu ndi pa maliro. Kuwerenga kuwiri kumeneku, kwa boma ndi kwa kumudzi, ndiko kukusokoneza ana athu.

Taonani mai amene adakwatiwa ali ndi zaka 15. Pofika zaka 25 ali ndi ana atatu kapena anai, msana ukuwawa ndi khasu, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi. Anzake onse amamutcha ndi dzina la mwana. Akamati wakalamba sakunama, thupi latopadi. Ndipo otere si ochepa: kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 adapeza kuti mwa akazi a zaka 20 mpaka 24 m'dziko muno, pafupifupi theka adalowa m'banja asanakwane zaka 18. Nchifukwa chake m'chaka cha 2019 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la nambala 19/2019 loletsa maukwati a ana. Mai ameneyu unyamata wake adachita kulandidwa.

Taonaninso mnyamata amene adamaliza kalasi 12 ku Ulóngwè. Adakafuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, sadaipeze. Lero amanyamula anthu pa njinga yamoto ya mwini wake, kapena kukweza matumba a mbatatesi pa magalimoto ku Biri-Biri, nabwerera kukagona pa khomo la makolo. Ali ndi zaka 28 koma pa bwalo la mfumu amakhala kumbuyo ndi ana, popeza alibe nyumba, alibe munda, alibe banja. Akaona mnzake wa ku Joni atatumiza chithunzi cha galimoto pa foni, mtima umamuuza kuti wachedwa. Katswiri wina wa kwathu konkuno, mai Alcinda Honwana, adalemba buku m'chaka cha 2012 lofotokoza achinyamata otere a ku Moçambique, Senegal, South Africa ndi Tunisia. Iwo adati imeneyi ndi nyengo yodikira: ubwana udatha, koma khomo la ukulu silikutseguka.

Anthu awiriwa akunena mau amodzi, koma matenda ao ndi osiyana. Wina wasenza katundu msanga, wina watopa ndi kudikira. Palibe mwa iwo amene wakalamba.

Enanso amachita mantha akamva pa wailesi za zaka zimene munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo. Kalembera wa 1997 adapeza zaka pafupifupi 42, ndipo wa 2017 adapeza pafupifupi 54. Dziwani kuti nambala imeneyi imawerengedwa pa mwana wongobadwa kumene, ndipo imatsika kwambiri kaamba ka ana amene amamwalira ali akhanda. Munthu amene wafika kale zaka 25 wadutsa zoopsa za ukhanda, motero angathe kuyembekezera zaka zambiri kuposa pamenepo.

Amene akukayika afunse makolo ake omwe. Nkhondo ya zaka 16 itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi anali ku Malawi ngati othawa kwao. Ena mwa amene adabwerera kuno pakati pa 1993 ndi 1995 anali a zaka za m'ma 20. Adapeza minda itasanduka tchire, nyumba zitagwa, sukulu zitaphwasulidwa, ng'ombe zitatha. Akadati "takalamba", bwenzi lero kulibe minda ya mbatatesi ya ku Tsangano ndi zigafa za fodya za ku Furancungo. Ena a iwo adaphunzira kulemba dzina lao ali ndi ana kale, ndipo ndi omwewo amene lero ali akuluakulu a mipingo ndi a makomiti a sukulu.

Njira zilipobe. M'masukulu a sekondale muli maphunziro ochitira kunyumba, ndipo m'midzi yambiri muli makalasi a akulu ophunzitsa kuwerenga ndi kulemba. Ukalipentala, kusoka ndi kukonza njinga zamoto safunsa chaka chobadwa. Nafenso akuluakulu tili ndi mbali yathu: tisakankhire mtsikana ku banja asanakhwime, ndipo mnyamata amene sanakwatire tisamuyese mwana, timugawire chigawo cha munda kapena dimba ndi kumupatsa mpata wolankhula pa bwalo. Paja akulu adati tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha. Wa zaka 25 ayambe kudumpha chaka chino, mvula isanagwe.