Khadi la Golide la pa Ndege: Kusamuka Nalo Kupita ku Kampani Ina

Abale ndi alongo amene munayendapo pa ndege, izi mwina munazionapo. Mwakhala pa mpando wouma pa bwalo la ndege ku Addis Ababa, kudikira ndege ya ku Jeddah kapena ya ku Dubai. Mnzanu amene munakwera naye ku Lilongwe, tikiti yake yofanana ndi yanu, walowa m'chipinda chopumulira mmene muli chakudya ndi tiyi waulere. Chikwama chake choonjezera sanalipire. Si bwana ayi. Ali ndi khadi la golide basi.

Makampani a ndege amawerengera maulendo a munthu amene analembetsa nawo. American Airlines inayambitsa dongosolo lake lotere mu 1981, ndipo lero Ethiopian Airlines ili ndi ShebaMiles, Kenya Airways ili ndi Asante Rewards. Mukauluka kwambiri pa chaka amakukwezani, kuchoka pa khadi wamba kufika pa siliva, kenaka golide. Tsono makampaniwa ali m'magulu atatu: Star Alliance ya mu 1997, oneworld ya mu 1999 ndi SkyTeam ya mu 2000. Ethiopian ndi Turkish Airlines ali mu Star Alliance. Kenya Airways ndi Saudia ali mu SkyTeam. Qatar Airways ili mu oneworld. Golide wa Star Alliance amalemekezedwa m'gulu lonselo: kukwera ndege poyamba, kulowa m'chipinda chopumulira ndi mlendo mmodzi, ndiponso makilogalamu 20 kapena chikwama chimodzi choonjezera pa matikiti ambiri. Mayi wokaoda nsalu ndi mahijabu ku Dubai adziwa yekha kuti chikwama chimodzicho ndi ndalama zingati.

Nanga amene anapeza golide wake ku kampani ina, koma tsopano malonda amutembenuzira njira ya kampani ya gulu lina, ayambirenso pansi? Apa ndi pamene pali chimene amachitcha status match. Mumalembera kampani yatsopanoyo, n'kuionetsa khadi lanu ndi kaundula wa maulendo anu, n'kupempha kuti ikupatseni udindo wofanana. Ikavomera si chifundo ayi. Ikufuna kukulandani kwa mpikisano wake, monga wogula usipa ku doko amakometsera mtengo kwa msodzi amene amagulitsa kwa mnzake. N'chifukwa chake makampani a gulu limodzi kawirikawiri salandana anthu mwa njirayi.

Chofunika kweni-kweni ndi nthawi yopemphera. Ambiri amangokubwerekani udindowo miyezi itatu kapena inayi, ndipo kuti ukhale wanu muyenera kuuluka nawo maulendo amene akuuzani m'nyengo yomweyo. Ena amalipiritsa, ena amalola kamodzi pa zaka zingapo. Wopempha lero pamene ulendo wake uli chaka chamawa wataya mwayi wake pachabe. Pemphani matikiti ali pafupi kugulidwa.

Ziwiri zikutidetsa nkhawa. Pali anyamata pa intaneti amene amakonza chithunzi cha khadi labodza kuti munthu atumize ku kampani. Kumeneko ndi kunama pofuna phindu, ndipo Msilamu sayenera kufunsa kawiri za chinyengo. Kampani ikazindikira imatha kutseka akaunti, mamailosi onse n'kupita. Chachiwiri ndi kukwera ndege popanda chokachita, kungofuna kukwanitsa chiwerengero. Ife tikuona kuti imeneyo ndi israf: ndalama ya fizi ya ana kupsereza khadi lapulasitiki!

Kwa bambo kapena mayi amene akusonkhanitsa ya Hajj kapena Umrah, ulendo umodzi pa moyo wonse, status match si yanu, pakuti mulibe udindo woti musamuke nawo. Chimene mungachite ndi kulembetsa khadi wamba, limene ndi laulere, musananyamuke. Dzina lilembedwe monga liliri m'pasipoti, chifukwa Yusufu ndi Yusuf kwa kompyuta ndi anthu awiri. Mufunsenso amene akukonza ulendo wa gulu lanu ngati matikitiwo amalandira mamailosi, popeza matikiti ena a gulu salandira.