Doko la Nkhotakota: zinthu 6 zimene a ku Kaluluma tiyenera kudziwa

Kwa mlimi wa fodya kuno ku Kaluluma, njira ya malonda ndi M1, yopita ndi mabelo ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Nyanja timaikumbukira pogula usipa pa Nkhamenya. Koma makolo athu akafuna nsalu, mikanda kapena mfuti ankayang'ana kummawa, ku Nkhotakota.

1. Mvula ya m'zigwa zathu imakathera konko. Mtsinje wa Dwangwa, umene timaoloka popita ku Kasungu boma, umachokera m'nkhalango ya Kasungu n'kukathirira minda ya nzimbe ku Dwangwa usanalowe m'nyanja. Bua nayenso amadutsa m'boma lathu lino, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene nsomba za mpasa zimakweramobe kukaswana.

2. Dokoli linakula ndi misozi ya anthu. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene anayambitsa ufumu wa a Jumbe. Minyanga ya njovu ndi akapolo ochokera kumtunda, mpaka ku Luangwa, ankasonkhanitsidwa pagombepo, n'kuoloka nyanja pa zombo zamatanga, kenaka ulendo wa pansi wa miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Ambiri ankafera m'njira. Chondipweteka mtima n'chakuti njira imeneyi inkadutsa m'dera la Kasungu, ndipo ena mwa omangidwa m'magoliwo anali ana a m'midzi ngati yathuyi. Mayina awo palibe amene anawalemba. Amene amadziwika mpaka lero ndi ogulawo, ndi mpunga umene anaubweretsa, womwe ukulimidwabe m'madambo a kunyanjako.

3. David Livingstone anafika ku Kasungu kudzera pa Nkhotakota. Anaona malowa koyamba mu 1861, ndipo atabweranso mu 1863 anakwera mtunda kuloza kumadzulo mpaka kwa Mwase Kasungu. Mkuyu umene amati anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe ukadalipo pafupi ndi chipatala cha St Anne's, ndipo boma linauika m'gulu la zikumbutso za dziko. Mawu ake sanaletse malondawo. Panadutsa zaka zina 30 anthu akuolotsedwabe.

4. Kugwa kwa Nkhotakota kunagwetsanso Kasungu. Nthumwi ya Angerezi, Harry Johnston, anapangana ndi Jumbe mu 1889, ndipo patangopita zaka zochepa Angerezi anachotsa Jumbe wotsiriza n'kumutumiza ku Zanzibar. Mmodzi mwa akuluakulu a malonda a akapolo, Saidi Mwazungu, anathawira kwa Mwase Kasungu. Mwase anakana kugonjera azungu, ndiye kumapeto kwa 1895 asilikali anathira nkhondo likulu lake. Ulamuliro wa atsamunda unalowa kwathu kuno kuchokera kunyanja, ndipo n'zachisoni kuti ana athu ambiri amamaliza sukulu nkhaniyi osaimva.

M'chaka chomwecho, Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican anamira m'nyanja bwato lake litagubuduzika ndi namondwe. Anaikidwa ku Nkhotakota, pa tchalitchi cha All Saints, ndipo sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda panyanjapo mu 1901.

5. Mwana wa ku Kasungu anakwezedwa pa doko lomweli. Pa msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1960 ku Nkhotakota, Dr Hastings Kamuzu Banda anasankhidwa kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho, patangopita miyezi yochepa atatuluka m'ndende ya Gwelo. Wina aukumbuke ndi chimwemwe, wina ndi mantha, koma zambiri zimene dziko lino linadutsamo mpaka 1994 zinayambira pamsonkhano umenewo.

6. Msewu wopita kumeneko ndi wa njovu. M18 yochoka ku Kasungu imatsetsereka kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, yokula pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Opha nyama mozembera anatsala pang'ono kuzimaliza njovu za mmenemo. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, atazigoneka ndi mankhwala n'kuzikweza pa malole. Potsika, mphepo yozizira ya kumtunda imatha, thukuta n'kuyamba. Kufika pagombe, madzi ndi osaya moti Ilala, sitima yopangidwa ku Scotland imene yakhala ikuyenda kuyambira 1951, ikabwera imaima patali, anthu ndi katundu wawo n'kumakaipeza pa maboti.