Cifukwa Ninji Cipinda Cina Citentha Pamene Cina Cizizira?

Ku New York, mzinda waukuru wa ku America, nyengo ya cisanu ndi yoopsa koposa mphepo ya mwezi wa June ku Kitwe kapena ku Mufulira. Madzi amauma gwa m'miseu, ndipo lamulo la mzindawo linena kuti mwini nyumba ya lendi ayenera kufunditsa zipinda za anthu ace kuyambira pa 1 October kufikira pa 31 May. Nyumba zambiri zakale za kumeneko zimafunditsidwa ndi nthunzi. Malonda a nthunzi yoyenda m'mipope ya pansi pa miseu anayamba mumzindamo m'caka ca 1882, koma nyumba zocuruka ziri ndi boila yaoyao m'cipinda ca pansi pa nthaka.

Bvuto lodziwika m'nyumba zotere ndi ili: banja lokhala pafupi ndi boila litsegula mazenera cifukwa ca thukuta, pamene banja la pamwamba ligoneka ana ndi majasi. Eni nyumba ambiri amafulumira kunena kuti moto wacepa, naonjezera mphamvu ya boila. Pamenepo mafuta amangotha pacabe, ndipo ozizidwa aja amazizidwabe, pakuti kawirikawiri mwini mlandu si moto ai, koma mpweya wotsekeredwa m'mipope.

Mayendedwe ace ali motere. Madzi akawira pa madigiri 100 amasanduka nthunzi, imene imafuna malo okula pafupifupi nthawi 1,700 kuposa a madziwo. Nthunziyo imakwera yokha m'mipope kufikira m'rediyeta, ndico citsulo colemera ca nthiti zambiri coima m'cipinda ciri conse. M'menemo imasiya kutentha kwace, nisandukanso madzi, ndipo m'nyumba zambiri madziwo amatsikira ku boila mu mpope womwewo umene nthunzi inakwerera. Moto ukazima, mipope yonse imadzala mpweya. Tsono nthunzi singalowe m'malo mmene mpweya ulimo kale. Amene amagwira nchito pansi pa mgodi adziwa bwino lamulo limeneli, pakuti mpweya wabwino sufika kumapeto a njira ngati woipa ulibe potulukira.

Cifukwa cace mmisiri wanzeru amayamba ndi kacitseko ka mpweya komangidwa m'mbali mwa rediyeta. Kacitseko aka kamatulutsa mpweya wozizira, ndipo nthunzi yotentha ikakafika kamadzitsekera kokha. Kakatsekeka ndi dzimbiri kapena penti, rediyeta imakhala zii ngakhale boila ibangule usiku wonse. Kakalephera kutseka, kamalabvula nthunzi ndi madzi pakhoma. Pa mabvuto onse awiriwa mankhwala ace ndi kukatsuka kapena kugula kena, ndipo mtengo wace ndi wocepa.

Ngati zipinda zonse za mbali imodzi ndizo zizizira, mmisiri amatsikira pansi kukaona zitseko zazikuru za mpweya zokhala kumapeto a mipope yaikuru. Izi zikafa, mpweya wonse umayenera kutulukira pa tizitseko ta m'zipinda, motero nthunzi imafika mocedwa kwa akutali, ndipo boila imazima iwo asanalandire kanthu. Kulinganiza kwabwino ndi uku: mipope yaikuru itulutse mpweya msanga, marediyeta akuru ndi akutali apatsidwe tizitseko ta bowo lokulirapo, ndipo apafupi ndi boila apatsidwe ta bowo laling'ono.

Caciwiri ndi madzi otsalira. Pa rediyeta ya mpope umodzi, mpopi wa pansi uyenera kukhala wotsegula kotheratu kapena wotseka kotheratu. Ukasiyidwa pakati, nthunzi yolowa ndi madzi otuluka zimalimbana pa khomo lopapatiza, ndipo madzi amadikha m'kati. Ndiponso rediyeta iyenera kupendekera pang'ono ku mbali ya mpopiwo. Kathabwa kopyapyala pansi pa miyendo ya mbali inayo kamakwanira. Phokoso longa nyundo limene limadzutsa anthu mbandakuca ndi cizindikiro cakuti nthunzi ikuponya madzi odikha pa ngodya za mipope, mwina cifukwa mpope wina wagwa pakati.

Cacitatu ndi mipope yosabvekedwa. Mpope wamaliseche umataya kutentha m'cipinda ca pansi, ndipo nthunzi imasanduka madzi isanafike pamwamba. Koma pano pafunika kucenjera: zokutira zambiri zakale ziri ndi asibesitosi, amene pfumbi lace liononga mapapo ndi kubala khansa. Nchito ya kuzicotsa ndi ya akatswiri okha.

Atatha izi, mmisiri amayang'ana boila yeniyeniyo. Nyumba ya anthu sifuna mphamvu yoposa mapaundi 2 pa inchi imodzi ya mbali zonse, ndipo zambiri zimafunda bwino ndi yoceperapo. Mphamvu ikacuruka imaononga tizitseko ta mpweya, bvuto nilikulirakulira. Madzi a m'boila akakhala ndi mafuta pamwamba amawira mogabvira ndi kutumiza nthunzi yonyowa, imene siyenda mtunda wautali. Mafutawo ayenera kuyengulidwa. Kacipangizo koyesa kutentha, kamene kamalamula boila kuyaka ndi kuzima, kakaikidwa pafupi ndi rediyeta kapena pa khoma loombedwa ndi dzuwa, kamazimitsa moto nyumba yonse isanafunde.

Nthunzi imaocha koopsa, motero kacitseko kapena mpopi sizimasulidwa kufikira boila itazima ndi mipope itazizira. Mwini nyumba amene atsata dongosolo ili, kuyambira pa mpweya, kupita ku madzi, ndi kutsirizira pa moto, amapulumutsa ndalama za mafuta, ndipo ana a pamwamba amagona mofunda monga anzao a pansi.