Dzina la Gwen John linadzuka

Mu 1910, mukanafunsa anthu a ku London za wojambula wa ku Wales wotchedwa John, aliyense akanakulozerani Augustus, mwamuna wandevu, wolankhula mokweza, amene anthu otchuka ankalimbirana kuti awajambule. Gwen, wobadwira ku Haverfordwest mu 1876, ankangotchulidwa kuti "mlongo wake wa Augustus". Chonsecho onse awiri anaphunzira pa sukulu imodzi ya Slade! Ku Paris, kumene anakhazikika mu 1904, Gwen ankapeza ya lendi poima tsiku lonse kuti ena amujambule, mmodzi wa iwo Auguste Rodin, wosema ziboliboli uja.

Koma m'kachipinda kake munkachitika zazikulu. Chithunzi chimene anadzijambula cha m'ma 1902, atavala bulauzi yofiira, ndi chosalala, utoto wamafuta wopakidwa mopyapyala kangapo. Atasamukira ku Meudon dzanja lake linasinthiratu. Utoto unayamba kuuma ngati choko, woikidwa pang'onopang'ono, mitundu yake yoyandikana kwambiri: wotuwa, wobiriwira mozilala, wofiirira pang'ono. Pa zithunzi zake, mkazi wakhala pampando, manja ali pamiyendo, sakumwetulira, sakufuna kusangalatsa aliyense. Mtsikana mmodzi, amene dzina lake silinalembedwe paliponse, anamujambula mobwerezabwereza, pena akuwerenga, pena atanyamula mphaka wakuda. Kwa ine, apa mpamene pali mphamvu yake. Akazi a pa zithunzi za Augustus amaoneka kuti akudziwa kuti tikuwayang'ana, pomwe a Gwen ali ndi zawo zoganiza.

Ali moyo, chionetsero cha iye yekha chinachitika kamodzi kokha, ku London mu 1926. Anamwalira ku Dieppe mu 1939, ndipo manda ake anakhala zaka zambiri opanda chizindikiro.

Kenako zinthu zinatembenuka, ndipo kutembenuka kwake nkokoma kufotokoza! Mu 1946 chionetsero chomukumbukira ku Matthiesen Gallery chinatsegula anthu maso. Augustus mwiniwake, tim'yamikire pamenepo, ananenapo kuti patsogolo anthu adzamukumbukira iye chifukwa cha Gwen. Mu 1976 nyumba yosungira zinthu zakale ya dziko la Wales ku Cardiff inagula zojambula zake mazanamazana zimene zinatsala m'chipinda chake, mwakuti tsopano ofufuza amathera masiku ambiri pa timapepala take. Mu 2004 Tate Britain inapachika ntchito za awiriwa pamodzi, ndipo olemba ambiri za luso anatuluka akutama Gwen. Mu 2015 ku Dieppe anamuikira chikwangwani cha chikumbutso.

Pofika 2023, Pallant House Gallery ya ku Chichester inamukonzera chionetsero chachikulu, dzina lake lokha pakhomo, anthu nkumakwera sitima kuchokera kutali kudzaona akazi ake aja.