Vinyo wa ku Bordeaux

Vinyo wa ku Bordeaux ndi vinyo amene amapangidwa m'chigawo cha Gironde, kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la France, mozungulira mzinda wa Bordeaux. Mu 2023, derali linali ndi minda ya mpesa yokwana mahekitala pafupifupi 100,000, ndipo vinyo wake wambiri ndi wofiira.

Malo ndi mitundu ya mphesa

Mitsinje ya Garonne ndi Dordogne imakumana kumpoto kwa mzindawu n'kupanga mtsinje wotakasuka wa Gironde, womwe umathira m'nyanja ya Atlantic. Kumadzulo kwa Garonne ndi Gironde, ku Médoc ndi Graves, nthaka ndi ya timiyala ndipo sisunga madzi. Kumeneko mphesa za Cabernet Sauvignon zimachita bwino. Kumpoto kwa Dordogne, ku Saint-Émilion ndi Pomerol, nthaka ili ndi dongo lambiri ndipo alimi amakonda Merlot.

Opanga vinyo amasakaniza mitundu iwiri kapena itatu ya mphesa. Merlot imafulumira kupsa pamene Cabernet Sauvignon imachedwa, choncho mvula ikawononga mtundu umodzi, winawo umapulumutsa zokolola. Ku Sauternes amapanga vinyo woyera wotsekemera: chifunga cha m'mawa chimameretsa nkhungu yotchedwa Botrytis cinerea, imene imafwetsa mphesa n'kusiya shuga wambiri.

Mbiri

Mpesa unayamba kulimidwa kuno m'nthawi ya Aroma, koma chimene chinatchukitsa vinyoyu ndi malonda a padoko. Mu 1152, Eleanor wa ku Aquitaine anakwatiwa ndi Henry Plantagenet, yemwe anakhala mfumu ya England mu 1154. Bordeaux inakhala m'manja mwa mafumu a England mpaka 1453, ndipo zombo zinkanyamula migolo ya vinyo kupita kumeneko chaka ndi chaka. M'zaka za m'ma 1600, akatswiri a ku Netherlands anaumitsa madambo a Médoc, n'kupezeka malo atsopano olima.

Mndandanda wa 1855

Mu 1855, Napoleon III anafuna kuti vinyo wa ku Bordeaux aikidwe m'magulu pokonzekera chionetsero cha ku Paris. Amalonda anagawa vinyo wofiira m'magulu asanu potengera mitengo yake. M'gulu loyamba munalowa Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion, ndipo Mouton Rothschild anawonjezedwa mu 1973. Mndandandawu ukugwirabe ntchito, ngakhale ena amaudzudzula chifukwa minda yambiri inasintha eni komanso malire.

Mavuto

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, tizilombo ta phylloxera tinawononga mizu ya mpesa. Alimi anapulumutsa minda pomezanitsa mpesa wawo pa mizu ya mpesa wa ku America. M'zaka zomwezo, katswiri wa zomera Alexis Millardet anapeza kuti kusakaniza kopa salifeti ndi laimu kumateteza masamba ku matenda, ndipo mankhwalawa amatchedwabe dzina la Bordeaux.

Masiku ano vuto ndi msika. Minda yotchuka ndi yochepa, ndipo alimi ambiri amapanga vinyo wotsika mtengo amene akusowa ogula chifukwa anthu a ku France achepetsa kumwa vinyo wofiira. Mu 2023, boma linakhazikitsa ndondomeko yolipira alimi ozula mpesa wawo, ndipo mahekitala masauzande angapo azulidwa kale.