LAMYA IKUMBUTSA TSIKU LA KATEMERA

Mwana akabadwa, thupi lace silidziwa kulimbana ndi nthenda zoopsa monga cikuku, kafumbata, poliyo ndi cifuwa cokoka mtima. Katemera ndiye aliphunzitsa nkhondo imeneyi nthenda isanafike.

Koma katemera salandiridwa tsiku limodzi lokha ai. M'dziko lathu la Zambia mwana alandira katemera pobadwa, ndiponso akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Wa cikuku alandira pa miyezi 9, nabwerezanso pa miyezi 18. Masiku amenewa alembedwa pa khadi la mwana.

Tsono bvuto lace ndi ili: khadi silinena mau. Lingogona m'bokosi. Nthawi ya dzinja mai apita kumunda mbandakuca nabwera dzuwa litalowa, ndipo tsiku lija lipita iye osadziwa. Mwana wodumpha katemera afanana ndi dimba la mpanda wosatha. Mpata ungakhale umodzi, mbuzi zilowera pomwepo.

Apa ndi pamene lamya ya m'manja ithandiza. Namwino alemba m'makina tsiku limene mwana anabadwa, pamodzi ndi nambala ya lamya. Makinawo awerenga okha masabata, ndipo tsiku likayandikira atumiza mau afupi okumbutsa. M'caka ca 2010 Unduna wa za Umoyo, mothandizana ndi UNICEF, unayamba nchito yochedwa Project Mwana m'zigawo za Luapula ndi Kummwera. Mauwo anali kupita kwa athandizi a zaumoyo a m'midzi, kuti iwo akakumbutse mai kubwera ndi khanda lace kucipatala. Cotero ngakhale nyumba yopanda lamya inalandira uthenga.

Njira yomweyi ikhoza kukumbutsanso za cakudya. Miyezi 6 yoyamba mwana ayenera kuyamwa bere lokha, osapatsidwa madzi kapena phala. Pambuyo pace ayamba kudya phala lotsira nsinjiro, mazira kapena masamba, koma kuyamwa sasiya. Kuyambira pa miyezi 6 alandiranso vitamini A kawiri pa caka, ndipo amuyesa pa sikelo kuti aone ngati akula bwino.

Koma dziwani ici, ana inu: lamya sitemera mwana. Nchito yace ndi kukumbutsa basi. Pafunika munthu woti awerenge mauwo, ndi wina woti abereke mwana kunka naye kucipatala. Inu mudziwa kuwerenga. Mau otere akafika pa lamya ya kwanu, muwawerengere amai kapena ambuya anu momveka bwino. Muone khadi la mng'ono kapena mlongo wanu lero lomwe, ndipo ngati tsiku linapita kale, muwauze apitebe, pakuti namwino adzampatsa katemera wotsalayo.

MAFUNSO
1. Kodi katemera wa cikuku alandiridwa pa miyezi ingati?
2. Cifukwa ninji mwana wodumpha katemera afanana ndi dimba la mpanda wosatha?
3. Kodi inu mungathandize bwanji kwanu?